Matayala Okana Katundu

Chaka chimene fodya wa bale anamukomera ku okushoni, Sankhani anagula kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kogwada pansi ngati kakununkhiza msewu, koma mudzi sunachedwe kukasandutsa ngolo: odwala, mbuzi, chimanga cha kuchigayo, zonse m'menemo. Tsopano makuponi anali atatuluka, matumba a feteleza a apongozi ake ndi a abale awo onse ataunjikidwa kudepoti kudikira iyeyo, ndiye mnyamata anatulukira pa Mtunthama kwa mlamu wake Tobias wogulitsa matayala, malimu a mawilo atsopano onyezimira ali m'buti, nzeru ili m'mutu: apeze matayala oti sangasenze ngakhale thumba limodzi.

Nzeruyo siinali yoti n'kuitchula. Tobias anali mchimwene wa mkazi wake Malita, ndipo chimene wamva ankachifikitsa kwa amayi ake momwemo, osachotsapo kapena kuwonjezera.

"Alamu, taonani izi!" anatero Sankhani, akutulutsa limu limodzi n'kulipukuta ndi malaya ake. "Ndikufuna matayala opyapyala, aja amabwera nawo makolo olemera pasukulu yaikulu ili panoyi."

Tobias analiyang'ana limulo, nadziona nkhope momwemo, nakonza kolala.

"Inyamula chiyani galimotoyi?"

"Ineyo."

"Ndi chiyani china?"

"Ndi mphepo basi! Iyi ndi galimoto yothamanga, alamu."

"Mukuthawa ndani?"

Sankhani anapukusa mutu. "Sindikuthawa munthu. Kuthamanga kokha."

"Munthu sathamanga chabe. Mwina akuthawa, mwina wachedwa."

"Ndachedwa!"

"Mukanadzuka m'mamawa," anatero Tobias, nalowa m'kasitolo kake. Anatulukamo akugubuduza chitayala chonenepa, cha mano ngati khasu. "Ili ndiye lanu. Linali pa galimoto ya pa esiteti. Linkanyamula mabelo, matenanti pamwamba, ndi kapitawo yemwe. Matumba a amayi lidzangowaseka."

Sankhani analikankhira kutali ndi phazi. "Chotsani! Chotsani msanga!"

"Silinakupwetekenitu."

"Silingalowe n'komwe. Likhula pa madigadi."

"Tidula madigadiwo. Sowo ndili nayo." Tobias anayamba kale kuyeza thupi la galimoto ndi chikhatho.

Sankhani analumpha n'kukumbatira boneti. "Mukaikhudza ndi sowo, ubale watha!"

"Ubale sungathe. Malita ali ndi ana anu kale."

"Mvetserani, alamu. Mwa matayala onse muli nawowa, lofooka kwambiri ndi liti?"

Tobias anakhala pa chitayala chija, nagwira chibwano. "Chiyambireni ntchitoyi sanandifunsepo munthu funso limeneli."

"Lero mwafunsidwa."

"Mukufuna kupatsa mdani wanu?"

"Ndikufuna langa!"

"Mumadana nokha?"

"Aaa, inu! Ndati lopyapyala, lokongola, la mtauni. Loti munthu akaliona achite manyazi kubwera ndi mbuzi."

"Mbuzi ilibe vuto. Vuto ndi feteleza." Anadzuka, nakatenga lina locheperapo, naligogoda ndi sipanala. "Ili lilipo. N'lofookerapo, koma musadandaule. Tikalipopa kwambiri, matumba awiriawiri afika."

"Sindikudandaula!"

"Nkhope yanu ikudandaula. Mukhoza kupita, kubwera, kupita, kubwera. Pofika Loweruka mwamaliza a amayi, muyambe a malume."

"A malume atinso?"

"A Lameki. Alandira makuponi a banja lonse. Anena kuti Mulungu anatipatsa mkamwini wa matayala."

Apa Sankhani anatsinzina. Anaona mipando yake yofiira itayera ndi feteleza, pansi patachita dzimbiri, iye akukokera pa giya wani ngati ng'ombe yokalamba. Ayi ndithu, fodya wake sanamusoke usiku ndi usana kuti zithere pamenepo.

"Lina! Lopyapyala kuposa ili!"

"Lilipo, koma pafunika kuwonjezera masipiring'i kumbuyoku, ndiye tichotse mpando wa Malita."

"Malita azikhala pati?"

"Pa matumba. Ndi pofewa."

Sankhani anakweza maso kumwamba kuti adandaulire Mulungu, ndipo Mulunguyo anamuyankha pompo. Kudenga, pa mtanda, panapachikidwa matayala anayi akuda bii, otakata, opyapyala ngati lamba wa mtalauzi.

"Awo! Awo, alamu! Tsitsani awo!"

Tobias sanatembenuke n'komwe. "Amenewo si matayala. Ndi zokongoletsa. Anasiya bambo wina wa ku Lilongwe, anati msewu wathu wamukwana."

"Akwana pa malimu angawa?"

"Kukwana akwana ngati anabadwira pamodzi. Koma sanyamula kanthu."

"Bwerezani."

"Sanyamula kanthu."

"Ngakhale thumba limodzi?"

"Ngakhale mbale ya feteleza. Mukadya kwambiri, muziyamba mwadikira."

Mayo ine, chimwemwe chake! Sankhani anaponya chipewa m'mwamba, nazungulira galimoto akudula chitelele ngati mtsikana, nafika pomupsompsona Tobias pamphumi. Tobias anapukuta pamphumipo ndi chiguduli cha oilo.

"Mwamva bwino, alamu? Ndati ndi oipa."

"Oipa zedi! Mangani! Ndipo muwauze amayi nokha, inu katswiri, kuti galimotoyi tsopano siiloledwa katundu. Ine akhoza kundikayikira."

Tobias anatulutsa foni, nafulasha, nadikira. Posachedwa inalira.

"Amayi, ndine. Alamu asankha matayala osanyamula katundu. Eya, ngakhale limodzi." Anamvetsera. "Ayi, sakulira. Akuvina."

Sankhani anauma mwendo uli m'mwamba. Anayamba kugwedeza manja, kuloza m'maso, kukoka milomo pansi.

"Tsopano asiya. Akuloza m'maso mwawo. Kaya mwalowa kanthu."

"Nenani kuti ndakhumudwa!" ananong'ona Sankhani.

"Akuti ndinene kuti akhumudwa." Anamvetseranso nthawi yaitali, akungoti eya, eya, kenako anabweza foni m'thumba.

"Akuti bwanji?"

"Akuti kukuchita mitambo."

"Basi?"

"Zina ndikuuzani ndikamanga. Ntchito siisakanizidwa."

Jeke anakwera, jeke anatsika. Mawilo akale anaunjikidwa pakhonde, ndipo kagalimoto kanaima pa malimu ake atsopano kakung'anima moti amayi ogulitsa mandasi tsidya la msewu anaimirira kuti aone bwino. Sankhani analowa, navala magalasi akuda, naliza injini kawiri kuti Mtunthama yonse imve. Atakweza maso anapeza Tobias ataima kutsogolo, manja m'chiuno.

"Mukupita kuti?"

"Kwathu, nanga kuti?"

"Kudzera pati?"

"Msewu wa kwathu ulipo umodzi, alamu."

"Wa miyala uja? Wa mikwasa ya ngolo, wodutsa padambo?" Tobias anapukusa mutu. "Matayala awa ndi a phula lokhalokha. Mwala woyamba, limu lapindika. Wachiwiri, mukuyenda pansi."

"Ndiziyenda pang'onopang'ono."

"Munati ndi galimoto yothamanga."

"Bwanji simunanene?"

"Munafunsa za katundu. Za msewu simunafunse."

Sankhani anavula magalasi. "Ndiye kumudzi ifika liti?"

"Akadzapala msewu."

"Adzapala liti?"

"Chisankho chikayandikira."

"Bwezerani akale! Msanga!"

"Chabwino," anatero Tobias, akutulutsanso foni. "Ndiyambe ndawauza amayi kuti galimoto yachira. A Lameki nawonso amve, ndi a kwaya, paja akufuna kupita ku Kaomba Lamulungu ndi ng'oma zawo."

"Dikirani!"

"Ndadikira."

Sankhani anayang'ana mawilo akale pakhonde, odzaza matope ndi ubweya wa mbuzi. Anayang'ana malimu ake, oyera ngati mbale za alendo. Munthu wouma mutu ndi wouma mutu basi, ngakhale dzenje akuliona.

"Atsopanowa asachoke. Galimoto yanga sidzanyamulanso thumba, ndalumbira!"

"Mwalankhula ngati mwamuna. Bweretsani makiyi."

"A chiyani?"

"Igona pano pa phula. Galimoto ikangokhala batire imafa, ndiye ndiziiyendetsako madzulo, kufika paboma n'kubwerera. Mkazi wanga Feggie sanakwerepo yofiira."

Makiyi anachoka m'manja mwa Sankhani ngati akuzulidwa dzino. Tobias anawaika m'thumba la ovolosi, nalisisita, nazungulira kuseri kwa sitolo. Anabwerako akukankha njinga yakuda ya kaliyala wowotcherera, malegeni atakulungidwa pachishalo.

"Tsopano zotsala za amayi zija. Akuti galimoto ngati yadwala ipume, iwo alibe nayo mawu. Koma feteleza asanyowe, ndipo mkamwini ali ndi mphamvu zovinira. Muyambe ndi a iwowo, a malume mawa."

"Pa njinga? Ine? Mwini galimoto?"

"Eya, kudepoti atseka dzuwa likapendeka."

Sankhani anagwira mahandulo. Anawerama, natsina tayala la njingayo ndi zala ziwiri, ndipo nkhope yake inawalanso ngati wapeza potulukira.

"Alamu! Taonani kupyapyala kwake! Ili ndiye lopyapyala kuposa anga aja. Silinganyamule!"

Tobias anali atakhala kale pa mpando wofiira, akuyesa magalasi akuda pagalasi loonera kumbuyo.

"Lopyapyala ndithu," anatero, akuliza injini. "Koma limenelo silinakanepo thumba, ndipo likatopa eni ake amatsika n'kukankha."