Mankhwala Odetsa Mano

Pa benchi ya kuchipatala cha mano, mayi wina wachikulire ankangoyang'ana pakamwa pa bambo amene anakhala naye pafupi.

"Pepani bambo, kudako m'munsi mwa mano, n'kuwola?"

"Ayi mayi, ndi mankhwala. Nkhama zikatsika ndi ukalamba, mizu ya mano imakhala pamtunda. Akapaka amenewa kuwola kumaima, koma powolapo pamada mpaka kalekale."

"Amuna anga akuwapaka m'katimu. Mankhwala awo akuti sadetsa."

"Ndiye ali ndi mwayi."

"Mwayi wa ndani? Munthu wa zidzukulu kumangosekerera atsikana mumsewu ngati mnyamata! Ine mano anga anatha ndikulera ana awo."

Mayiyo ananyamuka n'kukagogoda pachitseko.

"Adokotala, apakeni akudawo. Ndi mano akutsogolo omwe!"