Thalakitala Yosadontha ya a Lazaro

Masiku a Chitaganya, thalakitala ya matcheni imene inkakumba msewu wa ku Ntchisi inkagona pabwalo pa a Elia ku Nachisaka, poti a Eliawo ndiwo anali mlonda wake. M'mawa wina dalaivala wake, a Lazaro, anatuluka kunsi kwake chokwawa, sipanala ili m'manja, n'kupeza Roza, mkazi wa a Elia, akupeta mtedza, mwana ali kumsana.

"Amake Danieli, amuna anu ali kuti?"

"Agona. Si alonda?"

"Kawadzutseni. Lero akagona ku Boma, m'chitokosi! Oyilo amene ndinathira dzulo watha. Sabata yonse ino n'chimodzimodzi. Pano pali wakuba."

"Mwina ikudontha," anatero Roza, lichero lili m'mwamba.

"Iyi? Siidontha! Ndinalumbira pamaso pa kapitawo. Chinthu chikamadontha, pansi pamanena. Taweramani. Mukuona chiyani?"

Roza anawerama. "Dothi."

"Lonyowa?"

"Louma."

"Basitu! Ndiye kuti alipo amatsegula. Munaonapo munthu akumasula makinawa?"

"Eee."

"Ehe! Ndani?"

"Inuyo."

"Kupatula ine, mayi!"

"Palibe."

A Lazaro anagwira m'chiuno. "Nanga amuna anu usiku amachita chiyani?"

"Amaliza mkonono pampando apo."

"Mlonda? Ndiye mukuwaikira kumbuyo kapena mukuwamangitsa?"

"Mwafunsa zimene amachita."

"Chabwino. M'nyumba mwanumo muli oyilo wa Boma?"

"Mulibe."

"Lumbirani."

"Pali mwana ali kumsanayu, mulibe."

A Lazaro anakweza mphuno ngati galu wa uzimba. "Nanga fungo ili likuchokera kuti?"

"Kunkhokwe."

Anathamangira kuseri. Nkhokwe inali chilili, miyendo yake ina yakuda bii, ikuchita kunyezimira.

"Mayo ine! Ichi n'chiyani?"

"Oyilo."

"Wa kuti?"

"Wa thalakitala. Chiswe chimamuopa kwabasi. Chaka chatha chinatidyera chimanga theka."

"Si mwalumbira pompano kuti mulibe?"

"M'nyumba mulibedi. Mukhoza kukaona."

"Anakutsegulirani ndani? Amuna anu?"

"Aaa, a Elia ndi sipanala? Botolo la palafini amachita kundipatsa ine kuti nditsegule. Oyiloyu amadza yekha. Inu mukachoka madzulo ndimatchera phale kuseri kwa gudumu la mano lakumanzerelo. Kukacha ndimachotsa, n'kusesa, n'kuwazapo dothi louma."

A Lazaro anakhala pansi osayang'ana pokhala. "Anakutumani ndani zimenezo?"

"Inu nomwe."

"Ine?"

"Tsiku munabwera nayo munati, 'Kapitawo akadzapeza kadontho pansi pa makina awa, ntchito yandithera.' Pabwalo panga, bambo, chitosi cha nkhuku sichionana ndi dzuwa. Ndiye ndikanasiya manyazi a mlendo agonepo?"

"Giyabokosi ndaimasula kawiri! Zala izi zatha! Bwanji osandiuza kuti ikudontha?"

"Munandifunsa? Leronso ndati mwina, inu mwati siidontha. Ine ndinalekezera Sitandade Wanu. Ndingatsutse bambo wovala ovololo?"

A Lazaro anakwawiranso kunsi, n'kupisa dzanja kuseri kwa gudumu lija. Linatuluka lakuda mpaka m'chigongono.

"Labala yotchinga oyilo yatha," anatero chapansipansi.

"Ndiye kuti ikudontha?"

"Ikuchita thukuta pang'ono."

"Thukuta lodzaza phale?"

"Mayi, petani mtedza wanu!"

"Nanga a Elia ndikawadzutse? Ku Boma n'kutali, anyamuke dzuwa lisanakwere."

"Asiyeni agone. Munthu wogwira ntchito usiku amayenera kupuma."

Roza anapitiriza kupeta. A Lazaro anapukuta dzanja m'udzu, n'kukhosomola, n'kusendera pafupi.

"Amake Danieli, mlongo wanga."

"Wawa."

"Kapitawo wathu, mzungu uja, akubwera Loweruka. Paja ndinamuuza kuti kuno kuli wakuba. Ndimuuza kuti wakubayo wathawira ku Mpoto. Za phalezi, tisazitchule."

"Akapanda kufunsa, sinditchula."

"Nanga akafunsa?"

"Ndiyankha."

"Sangafunse! Mzungu angafunse za nkhokwe?"

"Mphuno ali nayo. Inunso munayamba ndi fungo."

"Kalanga ine! Ana anga adya chiyani? Chabwino, mverani. Dzina la a Elia sindilitchulanso. Labala ina ndili nayo m'bokosi. Ndiika lero lomwe, pofika madzulo kadontho sikadzagwanso pabwalo panu. Mwamva? Tapangana?"

Roza anatsitsa lichero, n'kusuzumira kunkhokwe, milomo ikuyenda.

"Lero ayi, bambo. Mudzaike mkuja. Nkhokwe yanga yatsala miyendo iwiri yosapaka."