Adazi Onse Achoke

Wometa tsitsi uja, amene aliyense ankangomutcha Sizasi, anabwereka tabuleti yakale ya mkazi wake n'kuidzaza ndi zithunzi za nkhongo za makasitomala. Tsiku limene mwana wawo wokhala kutali ankati awaonetse mdzukulu pavidiyo, tabuletiyo inakana kuimba mpaka italandira apudeti, ndipo apudetiyo inkafuna malo. Sizasi anaitana mlamu wake, munthu woti ukamuuza kuti adikire pakhomo amadikiradi ngakhale mvula igwe.

“Alamu, achemwali anu abwera kuno faifi koloko. Akapeza isakuimba, ine ndatha.”

“Yalemba kuti malo atha. Tifufute zina.”

“Kufufuta? Iiii! Muiuze ipanikize. Mu minibasi anthu amakwana bwanji?”

“Iyi si minibasi, alamu. Ndi tabuleti.”

“Ndikudziwa!” Sizasi anakutumula thaulo mokwiya. “Zaka zisanu ndi ziwiri yakhala ikugwira ntchito bwinobwino. Lero yayamba matama?”

Mlamu anayendetsa chala pagalasi, nkhope ili duu. “Nkhongo iyi ilipo kanayi.”

“Ndi aphunzitsi amenewo. Amasintha maganizo. Ndikapanda umboni amati ndawadula mopitirira.”

“Nanga iyi? Palibe munthu. Ndi chala chanu.”

“Kuseri kwa chalacho kuli dalaivala wa basi. Musiyeni.”

“Awa mwina anamwalira.”

“Aaa, alamu! Munthu afe kawiri?”

“Ndiye tifufute ndani?”

Sizasi anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itadutsa folo. Kunena zoona, bamboyu ankawopa mkazi wake kuposa mmene ankakondera nkhongo, koma kugonja kunkamuwawa ngati lezala lobuntha. Anayenda uku ndi uku, akuponda tsitsi losasesa, kenako anaomba m'manja.

“Basi! Adazi. Munthu wadazi sakumbutsa sitayilo iliyonse. Adazi onse achoke.”

“Onse?”

“Onse! Musasiye ndi mmodzi yemwe.”

“Nanga wadazi amene...”

“Alamu, mundifunsa mpaka dzuwa lilowe? Mukaona mutu ukuwala, fufutani!”

Kasitomala analowa, Sizasi n'kuyatsa makina ake. Mlamu anakhala pabenchi, lilime lili panja, akufufuta mwakhama ngati munthu wolembedwa ntchito. Tabuleti inafunsa ngati akutsimikizadi kuchotseratu zithunzizo. Iye anatsimikiza, poti anauzidwa.

Patapita nthawi anakweza mutu. “Yavomera. Ikulandira apudeti.”

“Mwaona? Nzeru zimenezo!” Sizasi anadzisisita pamutu monyadira. Dzanja linatsetsereka bwino lomwe, chifukwa mutuwo unasiyana ndi tsitsi iye asanakwatire n'komwe. “Koma adazi anga ndi ochepa. Malo onsewo achokera kuti?”

“Makasitomala anali khumi ndi awiri okha. Sanathandize kwenikweni.”

“Nanga?”

“Ena onse ndinu.”

Makina ometera anazima. Kasitomala anasuzumira pagalasi, theka la mutu lili losameta.

“Ine?”

“Zithunzi mazana atatu ndi vidiyo yaitali. Munavala suti yotuwa. Mutu unkawala kwambiri, sindinakayike.”

“Za ukwati wathu?” Mawu a Sizasi anatuluka ang'onoang'ono. “Alamu, zimenezo zinali momwemo mokha! Zapapepala zinanyowa ndi mvula kalekale!”

“Ndinayamba kufunsa. Munati ndisafunse.”

“Ndinati makasitomala!”

“Munati adazi onse.”

“Koma inu mulibe chisoni? Mlamu wanu weniweni?”

“Chisoni ndinamva. Koma malo anapezeka.”

Sizasi anagwera pampando wodikirira, thaulo lili pamutu. Panja panamveka mawu odziwika bwino a mkazi wake, akupereka moni kwa wogulitsa nsapato wa khomo loyandikana. Tabuleti inawala mwaulemu, yokonzeka kuimba.

“Alamu,” ananong'ona, “ndiye ukwati wonse wapita?”

“Ayi, musadandaule. Achemwali ali ndi tsitsi, ndawasiya.” Mlamu anamutembenuzira tabuletiyo kuti aone yekha. “Onani. Atsala okha, ndipo akuoneka osangalala kwambiri.”