Chidole Changa Chopopela Matayala

Aulutsi ndi omvela anzanga, ndine mai wa ku Nyampande, ndimalima tomato kudimba. Mpope wamanja unanditopetsa, chifukwa ngolo, njinga ndi mpila wa ana, wopopa ndinali ine. Ndiye ndinapita ku Petauke kukagula kompulesa, makina opopela mpweya aja.

Alamu anga anandipelekeza. M'sitolo anakakamila yaikulu yathanki, yoyendela magetsi, aja timati malaiti. "Mulamu, tengani iyi, anthu akuopeni!"

Ndinati, "Alamu, malaiti ndiwatenga kuti? Nanga kudimba muzindisenzela ndinu?" Ndinasankha kakang'ono kolumikiza ku batile ya sola. Anandiseka njila yonse, ati ndagula chidole.

Sabata yatha alamu aja anandiimbila foni. Ngolo yawo inali itaponda minga kudambo, itanyamula apongozi anga odwala kupita nawo kuchipatala. Ndinamanga batile ndi chidole chija panjinga, n'kuthamangila komweko. Tinapopa n'kuyenda, tayala likaphwa tipopanso, apongozi akubuula, mpaka tinafika. Lelo ali bwino. Alamu sanasekenso.

Anzanga, musagule ndi maso. Yambani mwadzifunsa kumene tayala lanu limaphwela. Langa silinaphwelepo pafupi ndi malaiti.