Chitenje chimene ndinatsekera mpweya ku Evington

"Amama, bwelani mugwile apa!" Anandiitana choncho a Tembo, Loweruka dzuwa litapendeka. Ndinasiya tiyi patebulo, ndinapita, ndinagwira chitsulo cha pakhoma chija amati rediyeta. Chofunda! Ndinagwiranso ndi dzanja linalo. Chofunda ndithu! Abale, nthungululu imene ndinaimba inamveka mpaka pa siteji ya basi.

Moni nonse amayi a gulu lathu la mapemphero, a kuno ku Leicester, a ku Nottingham, ndi inu muli kumudzi. Ndine Nabanda wa ku Dedza, mayi wake wa Tiyamike nesi uja. Sukulu ndinalekeza sitandade fili, ndiye mukaona chilembo chapendama chiwongoleni nokha, koma umboni wokhawu ndilemba ndi chala changa. Nyumba ya mwana wanga inakhala masiku khumi ndi awiri yopanda moto m'mwezi wa Disembala, ndipo amene anazimitsa motowo ndine.

Ndinabwera kuno ku Evington, mu Leicester muno, kudzadikirira mdzukulu. Ntchito yanga ndinkaidziwa: kumuthowa Tiyamike ndi madzi otentha akachira, kusambitsa khanda, kuliphunzitsa kumbuyo. Koma mwanayo anafulumira, anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono ngati botolo la sobo. Anamugoneka m'kabokosi kagalasi kuchipatala, amake ali pambali usana ndi usiku. Akamwini anga a Phiri ankalawirira ku ntchito ku Loughborough. Ine ndinkatsala ndekha ndi mphepo.

Ife a ku Dedza timati kuzizira timakudziwa. Juni akafika timatenga nsanza, timatseka kabowo kalikonse, pansi pa chitseko, m'mbali mwa zenera. Ndiye tsiku lina ndikukolopa kukhitchini ndinaona kazenera ka timabowotimabowo m'munsi mwa khoma, pafupi ndi boyila, makina aja amatenthetsa madzi ndi nyumba yonse. Mphepo ikulowa pamenepo ngati yaitanidwa. Ndinati azungu awa, nzeru zonsezi koma kusiya chibowo pakhoma! Ndinatenga chitenje changa chobiriwira, ndinachipinda, ndinachikanikiza bwinobwino ndi mpeni. Ndinadzitama ndekha kuti mdzukulu akafika apeza agogo ake akonza.

Patapita masiku awiri mutu unayamba kuwawa, maso kulemera. Ndinati ndi kusowa tulo. Masana a tsiku lachitatu kachinthu koyera ka pashelefu kanayamba kulira ngati nkhululu, osalekeza. Ndinaimbira a Phiri kuti kameneka kamazimitsidwa bwanji. Munthu waulemu uja, amene sanandikwezerepo mawu, anakuwa: "Amayi, tsegulani zitseko, tulukani panja pompano!" Ndinatuluka ndi silipasi imodzi.

Wa gasi atabwera anasolola chitenje changa n'kuchikweza m'mwamba ngati wagwira khoswe. A Phiri, amene anali atathamangira kunyumba, anandimasulira. Akuti boyila yakale ija inkapumira pa kazenerako. Itasowa mpweya inayamba kutulutsa utsi wosaoneka, wosanunkha, umene umagoneka munthu osadzukanso. Kachinthu koyera kaja kankalira kutichenjeza za utsi umenewu. Wa gasiyo anaiyeza boyilayo, anapeza kuti inali itatheratu m'kati, anatseka gasi, anaipachika chikalata choti isayatsidwenso.

Abale, ndinalira. Kuchipatala anati mwana wayamba kuyamwa bwino, atha kutuluka sabata ya mawa, koma khanda lotere silingapite m'nyumba yozizira. A Phiri anaimbira amisiri onse a gasi amene anawapeza. Aliyense yankho limodzi: tadzaza mpaka Januwale. Tiyamike sananditukwane, ankangoti, "Amayi, muli moyo, basi." Mawu amenewo ankandibaya kuposa kundikalipira. Ndinawoloka nyanja kudzafunditsa mdzukulu, ine ndemwe n'kumutsekera pakhomo.

Lachinayi ndinachapa chitenje chija ndi madzi a m'ketulo, ndinapita nacho kuseri kukayanika. Pemphero linakana kutuluka ngati mawu, ndiye ndinangoliimba, mmene timachitira kumunda. Ndinaimba kuti Ambuye, ndalakwa ndine, musalange kamwana. Ndinabwereza, ndinabwerezanso, zala zitauma gwa.

Ndinangomva mawu kuchokera pamwamba pa mpanda: "Amama, ndimwe a ku Malawi?" Ndinayang'ana. Bambo wa imvi pang'ono ali pa makwerero kwa aneba, chitoliro m'manja. Anati ndi a Tembo, kwawo ku Chipata, amakhala ku Hyson Green ku Nottingham, ntchito yawo ndi yoika maboyila. "Mwaimba monga amai anga. Manje chavuta n'chani?" Ndinawauza zonse, ndi za chitenje zomwe. Anaseka mpaka makwerero anagwedezeka, kenaka anapukuta m'maso. Anati Loweruka linali lawo lopuma, koma abwera.

A Phiri, munthu wosamala, anayamba awapempha chiphaso cha ntchito ya gasi. A Tembo anachitulutsa akumwetulira, anati mkamwini wotere ndiye wofunika.

Loweruka anafika kusanayere bwino ndi boyila yatsopano m'katoni, yoyera ngati kafiriji. Ine ndinakhala pampando pakhomo la khitchini, ndinaona zonse ndi maso angawa. Anakhetsa madzi a m'mapaipi onse, akuda bii ngati a m'dambo. Anatsitsa chakale chija. Anaboola khoma ndi chimakina chaphokoso, anatulutsa chitoliro kunja. Anadula mapaipi ofiirira, anawalumikiza ndi kamoto kabuluu, ili la gasi, ili la madzi ozizira, ili la otentha, awa opita m'zipinda. Atamaliza sanathamangire kuyatsa ayi. Anaika kachipangizo koyezera ngati gasi akuthawira penapake, n'kumayang'anitsitsa manambala, ine ndikupemphera chamumtima. Kenaka anazungulira nyumba yonse ndi kakiyi kakang'ono, rediyeta iliyonse ikuti tsiii, mpaka kadontho ka madzi katuluke.

Ndipamene anandiitana kuti ndigwire.

Nthungululu itatha ananditengera panja, anandilozera chitoliro chikutulutsa nthunzi. "Iyi ipumila apa, amama. Ikamvela mphepo musaivalike chitenje." Ndinati a Tembo, ngakhale itayetsemula sindiyandikira!

Mdzukulu wanga Takondwa anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Ndinatsegula mpopi, madzi otentha anabwera okha osawaphikira. Ndinamuthowa Tiyamike mpaka anati amayi mundisupula. Ndipo chitenje chobiriwira chija, chomwe chija, ndi chimene ndinamufunditsa mdzukulu wanga pomulandira pakhomo.

Ndiye inu amene mwalakwitsa muli pofuna kukonza, musabisale ndi manyazi. Mawu akakana, imbani. Mulungu ali ndi anthu ake pa makwerero kuseri kwa mpanda. Koma kabowo kalikonse mukakaona m'nyumba za kuno, yambani mwafunsa!

Lamulungu titaweruka kutchalitchi nyumba inadzaza, majekete onse anavulidwa n'kuunjikidwa pa masitepe. Anabwera mayi Gondwe ndi amuna awo, anabwera Nasibeko wa ku Loughborough ndi mapasa ake, anabwera sisitala Mwale atangoweruka ku shifiti, yunifolomu ili m'thupi. Anabwera amayi busa, anabwera mayi Moyo a ku Zimbabwe ndi mbale ya nkhuku, anabwera Esinati, Felesiya ndi Agnesi. Aneba athu a kuseri kwa mpanda anabwera. A Tembo anabwera ndi akazi awo a Tisa, tinawakhazika pampando waukulu. A Phiri analipo, Tiyamike analipo, ine Nabanda ndinalipo. Ndipo pakati pa tonsefe, m'chitenje chobiriwira, thukuta lili pamphuno, Takondwa.