Kanyenyezi Pagalasi la Bambo Sachedwa

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1956, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo, mayi awo ankachapa zovala m'nyumba za anthu. Dzina lawo lenileni lalembedwa pabokosipo, koma ndikalitchula, ena a inu muyamba kufunsana ngati mwasokera maliro. Tonse tinkawadziwa kuti Bambo Sachedwa, ndipo ine msuweni wawo, amene banja landituma kuwerenga mbiriyi, ndiwatchula choncho mpaka ndikhale pansi.

Ndisanapite patali, ndinene chimene tonse tikuchiona. Chichitikireni zovutazi, pakhomo pano anthu akuyankhulana ndi maso. Mkamwini wa malemu, mwamuna wa mwana wawo womaliza, ali kunja kwa mpanda uko, ndipo wachotsedwa pa gulu la onyamula bokosi. Akuti ndiye anachedwetsa apongozi ake panjira ya kuchipatala. Ena afika pouza mkazi wake kuti maliro akatha asankhe pakati pa abale ake ndi mwamuna wake. Mayi a m'nyumba muno, amene asiyidwawa, andipempha kuti bokosi lisanyamuke nkhaniyi isanamveke. Ndifikapo, koma mbiri ili ndi poyambira pake, choncho ndipempha kuti mudekhe.

Malemu anayamba sukulu mu 1963. Anali anzeru pa masamu, koma mu 1972 bambo awo atamwalira anasiya sukulu n'kuyamba kutsuka magalimoto pagalaja ina kuti azing'ono awo asagone ndi njala. Pagalajapo ndi pamene anaphunzira kugwira chiwongolero, moba, bwana akapita kukadya. Mu 1978 anatenga laisensi ndipo analembedwa ntchito yoyendetsa lole ya buledi. Eni masitolo ankati akamva hutala ya lole imeneyo ankakonza mawotchi awo. Dzina lija linachokera kumeneko.

Pa 5 Disembala 1981 anamanga banja ndi mayi athuwa, amene nthawi imeneyo anali telala. Ine ndinalipo. Mkwati anafika kutchalitchi wotsegula zitseko asanadzuke, moti tinawapeza atakhala pamasitepe, suti ili mbuu ndi fumbi, akuyang'ana wotchi ngati kuti wachedwa ndi m'busa. Mayiwa akhala akunena kuti zaka zonsezi sanamalizepo kupesa tsitsi m'nyumba, chifukwa hutala inkakhala italira kale panja.

Mu 1995 malemu anasiya lole n'kuyamba kuyendetsa takisi yotenga anthu kubwalo la ndege, ndipo mu 2009 anagula galimoto yawoyawo, yoyera ija yaima pansi pa mtengoyo. Mu 2013 anaikamo kachipangizo kolozera njira. Kanali ndi kagalasi koonetsa mapu, ndi mawu a mzimayi ouza woyendetsa pokhota. Chimene malemu anakakondera kwambiri n'chakuti kankalandira uthenga kudzera pa netiweki ya mafoni. Msewu ukadzaza magalimoto, pamapupo unkafiira, ndipo mzimayi uja ankapereka njira ina. Malemu ankakapukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu kakekake. Mayi athuwa ankakatchula kuti mkazi mnzawo, ati chifukwa ndi mkazi yekhayo amene bambo ankamumvera osatsutsa. Ana nawo anatolera pomwepo, n'kumakatchula kuti amayi aang'ono.

Tsono mvetsetsani apa. Zaka ziwiri zapitazo makampani a mafoni anazimitsa netiweki yakale, imene kachipangizoka kankadalira. Mapu anatsala, mawu aja anatsalanso, koma uthenga wa m'misewu unasiya kufika. Kuyambira pamenepo misewu yonse inkaoneka yoyera pagalasipo, kaya kuli ngozi, kaya msewu watsekedwa. Pakona pa galasi panatuluka kachizindikiro kofiira kochenjeza kuti netiweki palibe. Mwana wawo wachisamba, amene wakhala kutsogolo kunoyu, anawauza kuti ataye kachipangizoko, azigwiritsa ntchito foni. Malemu anayankha kuti mkazi sasiyidwa chifukwa chakuti wagontha makutu. Anatenga kasitika ka nyenyezi m'buku la mdzukulu wawo n'kukamata pachizindikiro paja kuti chisamawasowetse mtendere.

Msuweni wangayu anali munthu wabwino, koma makani anali nawo, ndipo akanakhala kuti akumva akanavomera. Iwo kachipangizo kogonthako sikanawasocheretsepo, chifukwa mzinda wonse unali m'mutu mwawo, ndiponso madalaivala anzawo ankawaimbira kukakhala vuto pamsewu. Ankakayatsa pongofuna womacheza naye. A m'nyumba muno onse ankadziwa, ndipo inali nthabwala ya patebulo kuti amayi aang'ono akalamba. Koma malemu analetsa kunena zimenezi pamaso pa alendo, ati n'kuwachititsa manyazi amayi aang'onowo. Lamulo lija linasungidwa bwino kwambiri.

Mu Ogasiti chaka chatha, mwana wawo womaliza anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mafiriji wochokera mumzinda wina wakutali. Ndi mnyamata wofatsa, woti apongozi akalowa iye amaimirira. Misewu ya kuno amaidziwa pang'ono, ya kuntchito ndi ya kumsika basi. Popeza anali akadali ngati mlendo, palibe anamuuza za kanyenyezi kaja.

Malemu anapezeka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi mu 2019, ndipo ankamwa mankhwala mokhulupirika. Lolemba lapitali m'mawa, nthawi imene anthu amathamangira kuntchito, anagwa m'bafa atagwira pachifuwa. Panyumba panali mayiwa ndi mkamwini yekha, amene anabwera kudzaona firiji imene inkadontha madzi. Ambulansi inali kutali. Mnyamatayo anawanyamula, n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo pa akazi awo. Mayi anali ataiwala foni yawo patebulo, ndiye anatenga ya mkamwini kuti aziimbira achipatala ndi ana. Zimene ndikunenazi ndazimva kwa mayiwa, amene anali m'galimotomo.

Mkamwini analiza galimoto, kachipangizo kaja kanayaka, iye n'kulembapo dzina la chipatala. Anali ataona apongozi ake akukapukuta kambirimbiri, ndiye akanakakayikira bwanji? Atafika pamphambano yaikulu, njira zinali ziwiri. Ina ndi yozungulira kumafakitale, yaitali. Ina ndi yodutsa pamlatho, yachidule. Pagalasi njira ya pamlatho inali yoyera, yopanda kufiira paliponse, ndipo mawu aja anati apitirire kutsogolo. Mnyamatayo anatembenuka kuti afunse apongozi ake, koma bambo anali atasiya kuyankhula, maso ali gwa kudenga, ndipo mayi anali pafoni akulira. Anapitirira.

Pamlathopo thiraki yonyamula simenti inali itagwa chopingasa kuyambira m'bandakucha. Mafoni onse mumzinda muno ankadziwa zimenezo. Wailesi inali italengeza. Amene sankadziwa ndi amayi aang'ono okha ndi mlendo amene anawakhulupirira. Pamene ankazindikira, kutsogolo kunali magalimoto, kumbuyo magalimoto, kumanzere khoma la simenti, kumanja basi yodzaza anthu. Analiza hutala mpaka dzanja kuwawa. Anatuluka, kugogoda mawindo a anthu, kuchonderera kuti amupatse mpata, koma mpatawo akanautenga kuti? Kachipangizo kaja kanali kakunenabe mofatsa kuti apitirire kutsogolo. Kumbuyo kuja kupuma kwa bambo kunayamba kudukiza, ndipo mayi anayamba kuwaitana ndi dzina la paubwana wawo.

Mnyamata uja sanadikirenso. Anatsegula chitseko chakumbuyo, anagwada, n'kuuza apongozi ake aakazi kuti amuthandize kuwakweza bambo kumsana. Malemu mukuwadziwa, sanali munthu wochepa thupi. Anawabereka, n'kuyamba kuthamanga pakati pa magalimoto, mayi akutsatira pambuyo atanyamula nsapato m'manja. Anadutsa pambali pa thiraki ija simenti ikufuka, anawoloka mlatho wonse, n'kukwera chitunda cha kuchipatala. Anagwa kawiri, koma mutu wa apongozi ake sunakhudze pansi. Mabala amene ali m'mawondo mwake, amene ena mwawaona n'kuyang'ana kumbali, anachokera pamenepo. Atafika pakhomo la chipatala, adokotala anayesetsa ndithu, koma Bambo Sachedwa anali atatisiya.

Sindikunamizani kuti akanadutsa kumafakitale bambo akanakhala moyo, kapena kuti sakanakhala. Adokotala anati zimenezo sangazidziwe, ndipo nafenso sitingazidziwe. Tsoka silinunkha. Chimene tikudziwa ndi ichi: galimoto ili apoyo, ndipo kanyenyezi kaja kakadali pagalasi. Amene akufuna apite akakamatule aone chimene chili pansi pake. Anakamata ndi malemu, ndi dzanja lawo, ndipo a m'nyumba muno anakaona, anaseka, n'kusunga chinsinsi monga anauzidwira.

Iwe wachisamba, mwana wa msuweni wanga, ndikuona wazyolika. Mtima wako ukuwawa, ndipo palibe akukudzudzula. Unawachenjeza bambo ako, iwo sanamve, ndipo lero ukali wako ukusowa pofikira chifukwa mwini wake wagona apa. Koma usautule pamsana pa mlamu wako, chifukwa msana umenewo wanyamula kale katundu wokwanira. Mayi ako akuti amene anawabereka amuna awo pamlatho ndiye agwire bokosi chakumutu. Ine pepala langa latsala pang'ono kutha. Ndikamaliza, oimba ayamba nyimbo, bokosi linyamuka. Geti ili apo, ndipo woitsegula ndiwe.

Malemu asiya akazi awo, amene akhala nawo pabanja zaka zoposa makumi anayi. Asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mdzukulu wina amene ali panjira, wa mwana wawo womaliza uja. Asiyanso achemwali awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi.

Banja likuthokoza adokotala ndi anamwino amene anawalandira, abusa ndi a kwaya amene akhala nafe, ndi anansi amene atibwereka mipando ndi kutiphikira. Tikuthokoza madalaivala anzawo a malemu, amene anakachotsa galimoto ija pamlatho ndipo lero abwera ndi magalimoto awo kudzanyamula anthu. Tikuthokozanso mayi wina wosadziwika amene anatsika basi n'kuthamanga limodzi ndi mayi athuwa atawagwira mkono.

Ndasiya dzina limodzi pa mndandanda wa osiyidwa, chifukwa ndimadikira kuti mwini wake alowe. Ndamva geti yalira. Mupatseni njira, adutse pakati pomwepo, ndipo musamufulumize, mawondowo sanapole. Zikomo wachisamba, mugwire dzanja choncho. Malemu asiyanso mkamwini mmodzi, amene kuyambira lero si mlendo pakhomo pano.

Bambo Sachedwa, msuweni wanga, moyo wanu wonse munkafika anthu asanakonzeke, ndipo ulendo unonso mwanyamuka tisanakonzeke. Lero lokha takuchedwetsani pang'ono, mutikhululukire, timadikira wokunyamulani. Wafika. Mzimu wanu uuse mumtendere.