Ba Chanda, Makakyuleta a Sayansi ndi Nsanje Yanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Lero ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ntchito yanga inatsala pang'ono kutha, mtima wanga n'kudwala nsanje mpaka chakudya chinasiya kukoma.

Ine ndine mayi Zulu. Kwathu ndi ku Katete, koma ndakulira ku Kanyama, ndipo ndimaphunzitsa sayansi pa kasukulu ka mpingo m'komboni mwathu momwemo. Amuna anga anamwalira, choncho ana anga amadya ndi ntchito imeneyi. Kwa zaka zambiri zipangizo zanga zinali bolodi ndi choko basi. Ndikafuna kuonetsa ana mmene madzi amawirira, ndinkasenza mbaula ndi ketulo kuchokera kunyumba.

Chaka chatha abwenzi a mpingo anatitumizira katoni ya makakyuleta akale, aja a sikirini yaikulu amene amajambula magirafu. Munalinso timawaya ta mutu wachitsulo toyezera kutentha. Ukalumikiza kawaya ku kakyuleta n'kuviika mutu wake m'madzi, kakyuleta imayeza yokha n'kujambula mzere. Koma kuti ichite zimenezi imafunika pulogalamu, ndipo mapulogalamuwo anabwera pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira zinthu za pa kompyuta. Munthu ankayenera kuwasamutsa kuchoka pa kompyuta kulowa m'kakyuleta kudzera pa chingwe.

Ahedi athu anandipatsa ine ntchitoyo. Kompyuta ya sukulu inali itafa ndi madzi osefukira, ndiye ndinapita kumalo ochitira intaneti pafupi ndi msika. Ine ndi mwini malowo tinalimbana ndi mapulogalamuwo, mpaka ndinaganiza kuti alowa. Mawa lake ndinaima pamaso pa ana monyadira, ketulo ikutuluka nthunzi, n'kudina batani. Sikirini inangoonetsa mawu akuti pali vuto. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Ana anayamba kuseka, ndipo nditacheuka ndinaona ahedi ataima pakhomo.

Posakhalitsa kunabwera mphunzitsi watsopano, ba Chanda, mtsikana wa ku Kitwe, kumene Chinyanja sichilankhulidwa kwenikweni, wongomaliza kumene koleji, ali ndi laputopu yakeyake m'chikwama. M'mawa umodzi wokha makakyuleta ambiri anayamba kugwira ntchito. Katoni ija inachoka m'kabati yanga. Makalasi anga aakulu anapatsidwa kwa iye, ine n'kutsitsidwa kwa ana aang'ono. Kenako ahedi anandiitana n'kundiuza mosabisa kuti temu ikatha sukulu idzasunga mphunzitsi wa sayansi mmodzi yekha. Sanatchule dzina, koma ndani akanafunsa?

Abale, nsanje ndi matenda. Mtsikanayo sanandilakwire chilichonse, koma chilichonse cha iye chinkandipweteka. Akaseka mu ofesi ya aphunzitsi, ndinkaona ngati akuseka ine. Ana amene ndinawalera kuyambira asanadziwe kugwira pensulo ankathamangira kukamulandira chikwama pageti, ine n'kumadutsa ndi mabuku anga m'manja. Ndinkayang'ana nsapato zake zoyera, n'kumadzifunsa kuti amadutsa njira iti m'matope a Kanyama. Akandipatsa moni ndinkayankha ndi mphuno. Ndikamadutsa pawindo la kalasi yake n'kumva ana akufuula mokondwa, ndinkayang'ana kumbali n'kufulumira. Kunyumba ana anga anayamba kundiopa, chifukwa kanthu kakang'ono ndinkakalipa.

Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero lake linali limodzi: Ambuye, muchotseni mtsikana uyu. Kumsonkhano wa amayi anzanga akayambitsa nyimbo, maganizo anga ankangokhala pa mtsikana uja. Tsiku lina ndili pakati pochapa, ndinangokhala pansi pambali pa beseni n'kulira. Ndinati, Ambuye, ndatopa. Ngati ntchito ikutha ithe, ana anga mudzawadyetsa ndinu, koma zimitsani moto uwu m'chifuwa mwanga.

Loweruka lotsatira kunagwa mvula yamphamvu, madzi anadzaza m'njira, anthu akudumpha pa miyala ndi pa mabuloko. Ndinamva odi pakhomo. Anali ba Chanda, atanyowa mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja, laputopu ataikulunga m'pulasitiki. Mtima wanga unati wabwera kudzandinyoza.

Atakhala pansi anati, "Ba Zulu, nabwela kuti munithandize. Bana bakondwela na tumakina, koma nikabafunsa chamene mzele utanthauza, sibaziba. Chinyanja changa chivuta. Bakamba ati ba Zulu ndiye benze kutimveketsa. Ine nimvela nsanje na imwe."

Munthu amene ndinkamuona ngati wandilanda zonse ankagona akundisirira ine.

Anatsegula laputopu pa tebulo langa, malaiti mwamwayi analipo, n'kutulutsa chingwe ndi kakyuleta imodzi imene anali asanaikemo pulogalamu. Sanandichitire, anandigwiritsa ndekha. Poyamba anandionetsa kuti pa kompyuta pamafunika kaye pulogalamu yolumikizira, imene imachititsa kuti makina awiriwo azindikirane, ndipo imeneyo kumalo a intaneti kuja kunalibe. Chingwe uyenera kuchikankha mpaka chilowe chonse. Kakyuleta ikhale yoyaka, mabatire akhale amphamvu, apo ayi kutumizako kumadukira panjira. Mu kakyuleta imeneyo munali modzaza ndi zakale za eni ake oyamba, tinayamba tafufuta kuti malo apezeke. Kenako ndinasankha pulogalamu yoyezera kutentha n'kudina potumizira. Kamzere kanayenda pa laputopu mpaka kumapeto, ndipo dzina la pulogalamuyo linaonekera pa kakyuleta.

Ndinathira tiyi m'kapu, tinaviikamo kawaya kaja. Mzere unakwera msanga, kenako unayamba kutsika pang'onopang'ono pamene tiyi ankazizira. Misozi inandilengeza. Ba Chanda anandionetsanso kuti kakyuleta imodzi ikakhala ndi pulogalamu, ukhoza kugawira zinzake ndi kachingwe kafupi popanda kompyuta n'komwe. Tiyi uja tinamwa atazizira, tikuseka ngati pachibale.

Sabata lotsatira tinalowa m'kalasi limodzi. Ana anayeza madzi a mu ketulo, ena m'kapu yachitsulo, ena m'kapu yapulasitiki, ine ndikuwafotokozera m'chinenero chawo chifukwa chake mzere wina ukutsika msanga kuposa unzake. Mtsikana wina wamanyazi anaimika dzanja nati, "Ndiye chifukwa chake tiyi ya mu kapu ya nsimbi sichedwa kuzizila!" Ahedi anali atakhala kumbuyo, akuonerera.

Sindinadziwe kuti ba Chanda anali atapita kale kwa iwo. Anawauza kuti ku koleji anaphunziranso masamu, ndipo popeza makalasi a masamu ankangosinthanasinthana aphunzitsi, iye atenge amenewo, sayansi ibwerere kwa ine. Temu itatha ahedi anatiitana tonse awiri n'kunena kuti komiti ya sukulu yavomera, palibe amene akuchoka. Ndinagwada pomwepo mu ofesi, osasamala za fumbi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa loyamba lija. Akanamuchotsa mwana uyu, ndikanatsala ndi makina amene sindinkawadziwa komanso mtima wowola. Ndikuthokozanso ba Chanda, amene lero ana anga amamutcha anti, ndipo nthawi zina Lamlungu amadzadya nafe.

M'bale wanga, mwina pali munthu kuntchito kwanu amene akangolowa pakhomo mtima wako umawawa. Ndikudziwa mmene zimapwetekera. Usaleke kupemphera, ngakhale mawu akutuluka owawa, chifukwa Ambuye amadziwa kuwongola pemphero lokhota. Ndipo mawa ukakumana naye munthuyo, umuyankhe moni bwinobwino. Mulungu akudalitseni nonse. Ameni.